Mafilimu a Netflix ndi anzake: kodi kuchuluka kwa oonera ndi umboni wa ubwino?

Mukatsegula Netflix, Prime Video kapena Apple TV pa foni, zithunzi zoyamba kukulonjerani zimakhala za mafilimu amene kampaniyo imawatcha ake. Imawaika pamwamba penipeni, imawalengeza paliponse, ndipo sabata isanathe mumamva kuti anthu mamiliyoni aonera kale. Chodabwitsa n'chakuti pakangopita mwezi umodzi, ambiri mwa oonerawo sakumbukira ngakhale dzina la mwini filimu. Nawa mafunso amene amabwerabwera okonda mafilimu akamacheza za nkhaniyi.

Kodi filimu ikakhala ndi chilembo chofiira cha N pakona, ndiye kuti anaipanga ndi a Netflix?

Osati nthawi zonse. Alipo mafilimu amene kampaniyo imalipira kuyambira polemba nkhani mpaka kumaliza kujambula. Alipo ena amene amapangidwa ndi anthu ena, ndi ndalama zawozawo, kenako kampaniyo n'kudzawagula atatha kale n'kumatapo chilembo chake.

Chitsanzo chapafupi ndi The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, ndalama zinachokera ku mabungwe monga BBC Films, BFI ndi Participant Media, ndipo Netflix inangolowa kumapeto kudzagula ufulu woionetsa. Inatuluka pa Netflix pa 1 Malichi 2019. Chimodzimodzinso CODA, filimu ya mtsikana wakumva wobadwira m'banja la anthu osamva. Apple inaigula pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 2021 ndi madola 25 miliyoni, filimuyo itatha kale, iyo osajambulako ngakhale kachigawo kamodzi. Choncho kampani ikamadzitama ndi mphoto, funsani kaye ngati inaphika yokha kapena inangogula chopsa kale.

Zimenezi zinayamba liti?

Netflix inayamba mu 1997 ku America ngati kampani yobwereketsa ma DVD kudzera pa positi. Kuonetsa pa intaneti inayamba mu 2007, ndipo mu Januwale 2016 inafika m'maiko ena 130 nthawi imodzi, Malawi ali momwemo. Koma chaka chofunika pa nkhani yathuyi ndi 2015.

Mu Okutobala chaka chimenecho inatulutsa Beasts of No Nation, filimu yowawa mtima ya mwana wolowetsedwa usilikali mokakamiza. Anaijambula ku Ghana, muli Idris Elba ndi mnyamata wa komweko, Abraham Attah. Akatswiri ounika mafilimu anaiyamikira kwambiri. Patangopita miyezi iwiri, mu Disembala, kunatuluka The Ridiculous 6 ya Adam Sandler, yanthabwala zotsika, imene pa Rotten Tomatoes, pamene amasonkhanitsa maganizo a ounika mafilimu, inapeza 0 pa 100. Komabe Netflix inalengeza kuti m'masiku 30 oyamba filimuyo inaoneredwa kuposa ina iliyonse imene inali nayo kale, ndipo inapitiriza kusainirana mapangano atsopano ndi Sandler. Nkhope ziwirizi, ya filimu yofuna ulemu ndi ya filimu yongofuna kuti mudinize batani, zilipobe mpaka lero. Koma yachiwiriyo ndiyo imalandira ndalama zambiri.

Ndalamazo n'zochuluka. Nanga bwanji mafilimu ambiri amangokhala a pakatikati, osaipitsitsa koma osakomanso?

Yankho lili pa kapezedwe ka ndalama. Filimu ya ku sinema imakhala ndi moyo anthu akagula matikiti. Ikakhala yosakoma, amene aonera Lachisanu amauza anzawo, ndipo Lolemba mipando imakhala yopanda anthu. Opanga amadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba, ndiye amalimbana ndi nkhaniyo mpaka igwire mtima. Kampani ya pa intaneti sigulitsa filimu imodziimodzi. Imagulitsa mwezi. Chimene imaopa si chakuti filimu yakuti sinakukomereni, koma kuti mutsegule, musapeze chatsopano, n'kusiya kulipira mwezi wamawa.

Taganizirani kusiyana kwa lesitilanti ya pamsika ndi khitchini ya sukulu yogonera konko. Mayi wa lesitilanti akaphika ndiwo zopanda mchere, mawa makasitomala amakadya kwa mnzake wa pafupi. Kuki wa pasukulu amadziwa kuti fizi ya teremu yonse inalipiridwa kale, ndipo ntchito yake ndi yakuti belu likalira mbale zidzaze. Mu 2021 Netflix inalonjeza kuti izitulutsa filimu yatsopano sabata iliyonse, ndipo inatchula mafilimu 70 a chaka chimenecho. Makampani akale a ku Hollywood amatulutsa ochepa kwambiri poyerekeza ndi pamenepo. Palibe bwana amene angakhale pansi n'kusamala bwinobwino nkhani 70 pa chaka.

Pali nkhani ya malipironso. Kale katswiri wotchuka kapena dayirekita ankalandirako gawo la phindu filimu ikagulitsa bwino, ndiye ankakhala ndi chifukwa choivutikira. Makampani a pa intaneti anazolowera kulipiriratu ndalama yaikulu filimu isanatuluke. Kaya ikome kaya isakome, cheke n'chomwecho.

Onani Red Notice ya 2021. Inadya pafupifupi madola 200 miliyoni, ndipo muli akatswiri atatu odula, Dwayne Johnson, Ryan Reynolds ndi Gal Gadot, akuthamangitsana kufunafuna mazira atatu a golide a Cleopatra. Nkhani imakutengerani ku Rome, ku Bali, ku ndende ya m'chipale chofewa ku Russia, koma mbali yaikulu anaijambulira m'situdiyo ku Atlanta, malowo n'kudzawaika pambuyo ndi kompyuta. Zimaoneka. Anthu aima kutsogolo, dziko lili kumbuyo kwawo ngati nsalu yopachika, ndipo aliyense akungochita zimene munamuonapo kale akuchita m'mafilimu ena. The Gray Man ya 2022 inadyanso ndalama zonga zomwezo. The Electric State ya Malichi 2025, ya abale awiri a Russo, inamveka kuti inadya madola oposa 300 miliyoni, ounika mafilimu anainyoza, ndipo sinakhalitse n'komwe pakamwa pa anthu.

Chomaliza n'chakuti makampaniwa amadziwa momwe timaonerera. Wina akuchapa mbale, wina akuyankha mauthenga a WhatsApp, filimu ikungoyenda. Nkhani imene Will Tavlin analemba m'magazini ya n+1 kumapeto kwa 2024 inafotokoza kuti olemba ena amauzidwa kuti anthu a m'filimu azinena pakamwa zimene akuchita, kuti amene sakuyang'ana asatayike. Filimu yolembedwera munthu wosayang'ana singamukhutitse munthu amene wakhala pansi kuti ayang'anitsitse.

Koma akuti Red Notice inaoneredwa maulendo oposa 230 miliyoni. Anthu onsewo angalakwitse?

Sanalakwitse kanthu. Anangodiniza batani. Chiwerengerocho chimatiuza kuti anthu anatsegula, osati kuti anakonda.

Dziwaninso kuti amene amawerengayo ndi mwini wake wa filimu, ndipo kawerengedwe wakasintha kangapo. Poyamba Netflix inkati munthu waonera ngati wafika pa magawo 70 pa 100 alionse a filimuyo. Kumayambiriro kwa 2020 inatsitsa n'kunena kuti mphindi ziwiri zokha n'zokwanira, moti amene watsegula, waona kuti n'zachabechabe n'kutseka, nayenso ankalowa m'gulu. Mu 2021 inayamba kuwerenga maola, zomwe zinkakomera mafilimu aatali. Kuyambira Juni 2023 imatenga maola onse amene filimu yaoneredwa m'masiku 91 oyamba n'kugawa ndi kutalika kwa filimuyo. Njira imeneyi ndi yabwinopo, komabe anthu awiri amene aliyense wasiyira pakati amawerengedwa ngati munthu mmodzi womaliza, ndipo amene wagona filimu ikuyenda amawerengedwa ngati woikonda.

Si oonera okha amene amadandaula. Pa sitalaka za 2023 ku Hollywood, pamene olemba anakhala masiku 148 osagwira ntchito ndipo ochita mafilimu masiku 118, chimodzi mwa zimene ankafuna chinali chakuti makampani aziwaululira ziwerengero zenizeni ndi kuwapatsa bonasi filimu ikaoneredwa kwambiri. Mu Disembala chaka chomwecho Netflix inayamba kutulutsa lipoti lalikulu la maola a pafupifupi chilichonse chimene ili nacho. Makampani enawo mpaka pano amangotchula nambala pamene zawakomera.

Ndiyeno musaiwale kuti kampaniyo ndiyo imasankha chithunzi chimene chikhale pamwamba. Pofika kumapeto kwa 2024 Netflix inali ndi olembetsa oposa 300 miliyoni. Chilichonse chimene mungaike pakhomo la anthu ochuluka chotero chidzatsegulidwa basi.

Ounika mafilimu amanyoza, anthu wamba amaonera. Kodi si kudzikweza chabe kwa anthu ophunzira?

Nthawi zina kulipo ndithu. Munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse ali ndi ufulu woonera anthu akuthamangitsana pa galimoto popanda wina kumuchititsa manyazi. Bright ya Will Smith, ya 2017, ounika anaikana koma anthu ambiri anasangalala nayo, ndipo palibe mlandu pamenepo.

Koma kusangalala kwa madzulo amodzi n'kosiyana ndi kukonda. Kukonda kumaoneka ndi zimene anthu amachita filimu ikatha. KPop Demon Hunters, filimu ya zidole imene inapangidwa ndi Sony Pictures Animation, inatuluka pa Netflix mu Juni 2025 popanda phokoso lalikulu. Ana anayamba kuibwereza, makolo n'kulowamo, nyimbo yake ya Golden inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard Hot 100, ndipo mu Ogasiti inaposa Red Notice n'kukhala filimu yooneredwa kwambiri m'mbiri ya kampaniyo. Itaikidwa m'nyumba za sinema kwa masiku awiri, anthu amene anali nayo kale pa foni anakagulabe matikiti kuti akaimbire limodzi. Apa ounika ndi anthu wamba anagwirizana. Palibe amene anakagulapo tikiti kuti akabwereze kuona mazira a Cleopatra.

Ndiye kuti mafilimu abwino kwenikweni kulibe kumeneko?

Aliko, ndipo ena sakanapangidwa n'komwe pakanapanda makampaniwa. Martin Scorsese anavutika kupeza kampani ya ku Hollywood yoti ilipire The Irishman, filimu ya maola atatu ndi theka ya zigawenga zokalamba zimene zikuyang'ana m'mbuyo pa moyo wawo. Netflix inalipira, filimu inatuluka mu 2019, ndipo inatchulidwa m'magulu 10 a mphoto za Oscar ngakhale sinatengeko ndi imodzi yomwe. Roma ya Alfonso Cuarón, yopanda mitundu, ya mtsikana wantchito wa m'nyumba ku Mexico City, inatenga ma Oscar atatu mu 2019. Jane Campion anapambana ngati dayirekita mu 2022 ndi The Power of the Dog. All Quiet on the Western Front, ya m'Chijeremani, inatenga anayi mu 2023.

Mukaona bwino, ambiri mwa mafilimuwa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: kumbuyo kwake kuli dayirekita wa dzina, amene kampani sikanatha kumulamula. Anampatsa ndalama n'kumusiya. Ndipo chifukwa chomupatsira chinali chofuna ulemu, kuti akatswiri ena aone kuti kumeneko n'koyenera kugwirako ntchito. Pakati pa makampaniwa, ulemu waukulu wa filimu yopambana onse pa Oscar unayamba kugwera Apple, ndi CODA ija, mu Malichi 2022. Netflix, imene yawononga ndalama zambiri kuufunafuna, inali isanaupezebe pofika mwambo wa 2025, ngakhale filimu yake ya Emilia Pérez inatchulidwa m'magulu 13.

Zikuoneka kuti eni akewo anaona okha kuti kuchulukitsa kwawapweteka. Mu 2024 Dan Lin analowa m'malo mwa Scott Stuber ngati mkulu wa mafilimu ku Netflix, ndipo nkhani imene inamveka ndi yochepetsa chiwerengero ndi kusamala ndalama.

Kodi kuonera pa foni m'malo mwa ku sinema kuli ndi kanthu pa ubwino wa filimu?

Mkangano umenewu ndi wakale. Makampani akuluakulu a sinema ku America anakana kuonetsa Beasts of No Nation chifukwa inkatuluka pa intaneti tsiku lomwelo. Ku Cannes, mafilimu awiri a Netflix atapikisana nawo mu 2017, eni sinema a ku France anakwiya, ndipo kuyambira 2018 kunaikidwa lamulo lakuti filimu yopikisana iyenera kuonetsedwa m'nyumba za sinema za dzikolo. Netflix inachokako.

Foni siisandutsa filimu yabwino kukhala yoipa. Chimene chimasowa ndi nthawi. Filimu ya ku sinema imalengezedwa miyezi, imaonetsedwa masabata, anthu amakangana za iyo, kenako imafika pa TV. Ya pa intaneti imakhala pamwamba Lachisanu, Lachisanu linalo yakankhidwa kale ndi inzake. Glass Onion, imene Netflix inagula pamodzi ndi inzake yotsatira pa madola oposa 400 miliyoni, inaloledwa sabata imodzi yokha m'nyumba za sinema mu Novembala 2022, anthu akuifunabe. Apple inayesa njira ya ku sinema, zotsatira n'kukhala zosiyana: Argylle inagwa ku sinema mu 2024, koma F1 ya Brad Pitt inapanga madola oposa 600 miliyoni mu 2025.

Nanga mafilimu a kuno ku Africa apindulapo chiyani?

Apindula khomo limene kale linali lotseka. Lionheart ya Genevieve Nnaji inagulidwa ndi Netflix mu 2018, yoyamba ya ku Nigeria kukhala ndi chilembo chija. Cook Off ya ku Zimbabwe, imene inajambulidwa ndi ndalama zochepa zedi, inalowa mu 2020. Can You See Us? ya ku Zambia, nkhani ya mnyamata wachialubino, inalowa mu 2023. Chaka chomwecho The Black Book ya Editi Effiong, ya pafupifupi madola 1 miliyoni, inakwera pa mndandanda wa mafilimu khumi ooneredwa kwambiri m'maiko ambirimbiri, ndipo mu 2024 Heart of the Hunter ya ku South Africa inafika pamwamba penipeni pa mndandanda wa sabata wa mafilimu a Chingelezi. Ndalama ya Red Notice imodzi ikanapanga mafilimu a msinkhu wa The Black Book pafupifupi 200.

Koma khomolo ndi lopapatiza, ndipo makiyi ali ndi ena. Netflix inanena kuti kuyambira 2016 mpaka 2022 inaika madola 175 miliyoni ku South Africa, Nigeria ndi Kenya, gawo lalikulu n'kupita ku South Africa. Maiko enafe timangoonera. Amazon itatulutsa Gangs of Lagos mu 2023, mu Januwale 2024 inalengeza kuti ikuchepetsa ntchito yopanga mafilimu ake ku Africa, ndipo amene ankayembekezera anatsala manja ali m'khosi.

Filimu ya Kamkwamba imatiphunzitsa mbali ina. Anaijambula ku Kasungu komweko, ndipo mbali yaikulu ya zoyankhula ndi ya m'Chichewa. Koma William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, bambo ake Ejiofor mwiniwake, mayi ake Aïssa Maïga wa ku France. Woonera wa ku London ankawerenga mawu a m'munsi n'kumalira. Woonera wa ku Lilongwe ankatchera khutu kuti amve chimene chanenedwa, nthawi zina nayenso n'kuthawira ku mawu a m'munsiwo, mpaka Lily Banda, amene anali mlongo wake wa William, atatsegula pakamwa ndiye Chichewa n'kumveka cha kwathu. Amalawi ambiri anadandaula, ndipo sanalakwe. Komabe filimuyo ndi yabwino. Pamene banja likugwirizana kuti lizidya kamodzi patsiku, pamene anthu akukanganirana chimanga pa malo ogulitsira a boma, pamene bambo akukana kupereka njinga yake kuti mwana aidule, aliyense amene anaona njala ya 2001 ndi 2002 amadziwa kuti sizopeka. Kungoti khutu limene opanga ankaliganizira silinali lathu. Filimu yopangidwira dziko lonse nthawi imodzi imatha kukhutitsa aliyense kupatula eni nkhani.

Ine ndimagula bandulo yochepa. Ndingasankhe bwanji kuti ndisataye ndalama?

Inuyo muli ndi chifukwa chachikulu chosankhira kuposa munthu wa ku America. Iye akalipira mwezi, filimu yoipa imangomudyera nthawi. Inu imakudyeraninso bandulo. Netflix yokha imati pa TV kapena pa kompyuta ola limodzi limatha kudya 1 GB chithunzi chikakhala chapakati, ndi kufika 3 GB chikakhala chowala kwambiri. Pa foni zimatsika mukalowa m'masetingi n'kusankha zosunga data, ndipo kuli bwino kudawunilodiratu pamene pali WiFi. Enanso ambiri mafilimuwa amawapeza pa fulashi kapena pa memore kwa anyamata obena, ena atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi ma DJ. Njira imeneyi opanga filimu sapezapo kalikonse, ndipo oonera amenewo salowa m'chiwerengero chilichonse cha Netflix.

Posankha, mndandanda wa khumi apamwamba musaudalire, chifukwa umangosonyeza zimene kampani yakankhira kutsogolo sabata imeneyo. Nkhope za akatswiri atatu odula pa chithunzi chimodzi zisakutengeni mtima. Yang'anani dzina la dayirekita, muone ngati anapangapo filimu imene munaikonda. Onani ngati filimuyo inadutsako ku zikondwerero monga Sundance, Venice kapena Toronto isanafike pa foni yanu, chifukwa kumeneko imakhala itayesedwa kale ndi anthu amene sali pa malipiro a kampaniyo. Ndipo musathamangire Lachisanu loyamba. Dikirani masabata atatu. Ngati anzanu akuitchulabe, gulani bandulo. Ngati yazimiririka pakamwa pawo, ndalama yanuyo sungani.